Tsamba Lomaliza la Kabuku Kaja

Achimwene anga,

Moni kuchokera kuno. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo, inu, alamu ndi ana. Za abambo sindikufunsa kuti adzuka bwanji, chifukwa ndikudziwa mmene adzukira, ndipo mukandiyankhanso kuti akupezako bwino ngati mmene munandiyankhira pa foni Lamulungu lija, ine ndi inu tidana. Ine kuno m'thupi ndili bwino. Mtima wokhawu ndiye suli m'malo, ndipo ndisakubisireni, ndakwiya.

Mukaona zilembo zikupendama musati mlongo wanu wayamba kumwa. Ndi tebulo likugwedera, chifukwa chake muchimva kutsogoloku.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga mwasiya kuyankha. Lachinayi munayankha kamodzi kokha, ine nditangoti phazi la abambo, inu n'kundiuza kuti ntchito yanga ndi yochapa matawulo a eni ake, za thupi la munthu ndizidziwira kuti, basi n'kudula. Kuyambira pamenepo foni ikungolira ngati ili m'nyumba yopanda anthu. Ndiye ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti munthu ameneyu amamva chiyani. Ndinakumbukira kuti inu chiyambire ubwana wanu mawu apakamwa mumawayesa mphepo, koma chinthu chikangolembedwa papepala mumachivulira chipewa. Chabwino, pepala ndi ili. Muliwerenge mpaka kumapeto, chifukwa mavuto onsewa abwera ndi pepala losafika kumapeto.

Choyamba, alamu musawakalipire. Inde ndi iwo anandiuza, ndipo anachita bwino. Anandiimbira Lachinayi m'mawa ali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala, akulankhula monong'ona ngati wakuba, mayi wa ana atatu pakhomo pake pomwe. Anandiuza kuti patha masabata asanu ndi awiri abambo asakumwa mapiritsi awo a shuga. Akuti mapiritsiwo munawatsekera mu tipoti ija ndinatumiza n'kuiika pamwamba pa kabati, ndipo kabuku ka kuchipatala kamayenda nanu m'thumba la jekete kuti wina asawatengere abambo kumeneko inu muli kuntchito.

Anandiuzanso za kaphini. Akuti abambo anaponda kaphini m'chipinda chawo chosokera, n'kuyenda nako masiku awiri osamva kanthu, mpaka alamu anaona magazi pa patapata pokolopa. Tsopano ndi masabata atatu, bala silikupola, chala chachikulu chada, ndipo ana anasiya kudyera m'chipinda chimodzi ndi agogo awo chifukwa cha fungo. Chithunzi anatumiza. Ndinachiona nditaima pakati pa makina awiri ochapira, ndipo ndinangokhala pansi pasimenti pomwepo, mnzanga n'kuganiza kuti ndakomoka.

Ndiye mankhwala anu akuti ndi awa. M'mawa madzi ofunda a mandimu. Kenako phazi pakampando panja kuti liwothe dzuwa. Adyo wosinja pabala. Kupuma mowerenga, kukoka mpweya mpaka folo, kutulutsa mpaka folo, inu mutaima pambali ndi wotchi ngati woyimbira mpira. Ndipo katatu pa tsiku madzi a zipatso othira uchi. Uchi, achimwene! Munthu wa shuga! Ngakhale ine wochapa matawulo ndikudziwa kuti zimenezo sizitheka. Fungolo akuti mukumati ndi poizoni akutuluka, kuti thupi likamadzichiza lokha limayamba laipiraipira kaye. Alamu atanena kuti mwina tikaonetse, munawawerengera tsamba lachisanu ndi chiwiri la kabuku kanu ka zodzichiza kaja mokweza, ana ali pomwepo.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri ndikulidziwa. Ndi limene ndinakulungira chivundikiro cha tipoti.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga ukusowa kolowera, chifukwa ndikautumiza kwa inu ukubwerera kwa ine. Kabuku kamene mwasandutsa chipatalako kanachoka m'manja mwanga. Mwezi uja ndinagula makapu sikisi ndi tipoti kuti mukamalandira alendo musamabwerekenso kwa aneba, ndinasowa nyuzipepala yokulungira. Kuntchito kunali mulu wa timabuku takale pafupi ndi bini, tikutayidwa chifukwa nambala ya foni inasintha. Ndinatola kamodzi, n'kuchotsa timawaya tapakati, tsamba lililonse n'kukulungira kapu yake. Tipoti inadya masamba atatu, chivundikiro limodzi, lina ndinalifinya n'kulilowetsa kukamwa kwa tipotiyo kuti isabenthuke. Sindinawerenge ngakhale mzere umodzi. Ndinkangoti pepalali ndi losalala, makapu afika bwino.

Anafikadi bwino. Munthu wina aliyense akanamasula makapuwo n'kuyatsira moto mapepalawo. Koma inu ayi. Alamu akuti munawatola limodzilimodzi, n'kuwawongola ndi simbi ya abambo, n'kuwasanja motsata manambala, kenako munawapatsa abambo kuti awasoke pamakina akhale buku. Ndipo anawasokadi, mzere wowongoka bwino ngati wa kolala, akuponda makinawo ndi phazi lomweli tikukambali. Nditamva zimenezo sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire, ndinachita zonse ziwiri.

Popeza mwakhulupirira kabukuko kuposa mlongo wanu, lekani ndikuuzeni kumene kanachokera, chifukwa ine ndimakhala m'mimba mwa nyumbayo masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Ndi nyumba yaikulu ya zipinda zoyera, ndipo anthu opeza bwino amabwera kudzagonako sabata imodzi kapena awiri kuti matupi awo apume. Pamwamba pali makandulo onunkhira, nyimbo za madzi oyenderera ndi mipando ya nsungwi. Amadya masamba, amamwa madzi ofunda, amatikitidwa ndi mafuta, amakhala m'chipinda cha nthunzi. Ife tili pansi, kopanda zenera, ndi makina anayi ochapira ndi simbi yaikulu yositira nsalu zoyala pabedi. Mafuta onse amene amapakidwa pamwambapo amatsikira kwa ife ali m'matawulo.

Sindikana, ambiri amachoka atapepukidwa. Amabwera nkhope zitagwa, osagona tulo, msana ukuwawa chifukwa chokhalitsa pampando, n'kuchoka akuseka ndi alonda a pageti. Nanga ndani sangapepukidwe atagona sabata yathunthu, wina akumuphikira, wina akumuchapira, foni itazimitsidwa? Inenso mutandigoneka pamenepo masiku atatu okha ndingalembe kabuku. Koma pa zaka zinayi ndagwira pano sindinaonepo munthu akubwera ndi chala chakuda kuti achichize ndi makandulo.

Mwini wake timawatcha Mayi Pumani, chifukwa aliyense akabwera ndi dandaulo, kaya ndi mlendo kaya ndi ife antchito, yankho lawo ndi lakuti tiyambe tapuma mozama. Ndi iwo ali patsamba loyamba la kabuku kanu, atavala zoyera, atatsinzina. Ndi iwonso analemba kuti thupi ndi dokotala wamkulu ndipo limadziwa lokha njira yobwerera. Koma Lachitatu lililonse mayi woyeretsa maofesi akakhala kuti akupuma, bini ya Mayi Pumani ndimakhuthula ndine. Mumakhala timapepala tasiliva tija timatsala mapiritsi akatha, ta mitundu iwiri, mwezi ndi mwezi osaphonya. Sindikuwanena, akuchita bwino kumwa. Ndikungoti dokotala wamkulu wa m'thupi mwawo ali ndi womuthandiza wa ku famase.

Komanso mlendo aliyense asanavule ngakhale nsapato amasainira pepala lolonjeza kuti mankhwala amene dokotala wake anamupatsa apitiriza kumwa. M'chipinda chilichonse muli kafiriji kosungira mankhwalawo. Chaka chatha bambo wina anagwa m'chipinda cha nthunzi. Palibe anamuuza kuti apume mozama. Mayi Pumani anathamanga opanda nsapato mpaka pageti kukakodola ambulansi, ine ndikuona ndi maso angawa, nditanyamula dengu la matawulo.

Tsopano za tebulo. Kabukuko kali ndi masamba khumi ndi awiri, inu muli nawo khumi ndi limodzi. Lomaliza linali lokhuthala kuposa anzake, losapindika pa kapu. Ndinalipinda kanayi n'kuliika pansi pa mwendo wa tebulo langa umene ndi waufupi. Lakhala pamenepo miyezi inayi, ine ndikudyera pamwamba pake. Lachinayi nditaweruka ndinagwada n'kulisolola. Pansi penipeni pa tsambalo, m'munsi mwa mapu olondolera kunyumbayo, pali mizere itatu ya tizilembo tating'ono ngati nyerere. Ikuti zonse zalembedwa m'kabukumu sizilowa m'malo mwa dokotala, munthu asasiye mankhwala ake dokotala asanamuuze, ndipo amene ali ndi shuga akaona bala lililonse kuphazi apite kuchipatala tsiku lomwelo. Tsiku lomwelo, achimwene. Tsambalo ndaliika m'envulopu momwemu. Muliwongole ndi simbi ngati anzake aja.

Dzulo ndinachita chimene sindinachitepo chiyambire ntchito pano. Ndinakwera masitepe a alendo, osati athu akumbuyo, ndili ndi epuloni yonyowa, n'kukagogoda ku ofesi ya Mayi Pumani. Ndinawaikira tsambalo patebulo ndi foni pambali pake, chithunzi chili poyera. Anagwira pakamwa. Anati iwo sanauzepo munthu kuti asiye mankhwala, ndipo zinalembedwa, n'kuloza mizere ija. Kuti aiwerenge anachita kuvala magalasi. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji mawu akuti thupi limadzichiza lokha ndi aakulu ngati chikhatho changa, pamene mawu opulumutsa phazi la munthu akufuna magalasi. Anati ndi mmene osindikiza amakonzera. Kenako anandiuza kuti ndiyambe ndapuma mozama, n'kutsegula kabati kundipatsa paketi ya tiyi wa zitsamba kuti nditumizire abambo. Ndinaisiya patebulo pomwepo. Ngati Lolemba ndipeza dzina langa litachotsedwa pa ndandanda wa antchito pakhoma, mudziwe kuti zinayambira pamenepo, ndipo sindikudandaula.

Amene anandithandiza ndi anamwino ena achikulire amene amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzayeza alendo kuthamanga kwa magazi. Anagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu asanapume. Anandipeza pamasitepe ndikupukuta maso ndi epuloni. Anatenga foniyo, anachikulitsa chithunzicho ndi zala, n'kuchiyang'anitsitsa. Anandifunsa ngati abambo akumva kuwawa. Ndinati akuti sakumva chilichonse, ndipo n'chifukwa chake achimwene akuti likupola. Anapukusa mutu n'kunena kuti kusawawako ndiye koopsa, shuga wapha kale mitsempha yomvera, phazi likuwonongeka mwini wake asakudziwa. Anati chala mwina chapita kale, koma phazi likhoza kupulumuka ngati afika kuchipatala m'masiku owerengeka, osati masabata. Akachedwa nkhani idzakhala ya mwendo, ndipo akachedwa kuposa pamenepo nkhani siidzakhalanso ya mwendo.

Ndinawafotokozeranso zimene munandiuza monyadira Lamulungu lija, kuti abambo achepa thupi, akumwa madzi ngati ng'ombe, akupita kukataya madzi pafupipafupi, ndiye kuti thupi likudzitsuka. Anamwinowo anati zonse zitatuzo ndi zizindikiro zakuti shuga wakwera kwambiri. Ndipo mukudziwa chimene chikundiwawa? Tsiku limenelo ine ndinakuyamikirani. Ndinati mwagwira ntchito achimwene, pitirizani. Sindinafunse kuti kudzitsukako kwabwera bwanji, ndinkathamangira basi ya kuntchito.

Ndinawafunsa mosapita m'mbali ngati kabukuko ndi kabodza. Anati ayi, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Thupi limadzichizadi. Anandigwira dzanja lamanzere n'kundionetsa chipsera changa chomwe, chija ndinapsa ndi simbi yaikulu chaka changa choyamba. Palibe anandisoka, mnofu unadzimanga wokha m'masabata awiri. Anati kugona bwino, kudya masamba, kuyenda, kuchepetsa nkhawa, zonsezo n'zabwino ndipo abambo apitirize. Koma thupi limachiza bala ndi magazi, ndipo magazi odzaza shuga safika kuchala ngati mmene amafikira anga. Mapiritsi aja sankalimbana ndi thupi la abambo, ankalitsegulira njira kuti ligwire ntchito yakeyo. Inu mwana wa telala mumve motere: mwachotsa lamba pamakina, kenako mukuwauza abambo kuti apondebe mwamphamvu, singano iyenda yokha.

Musaganize kuti mbali yanu sindikuiona. Ndikuiona. Chimwalirireni amayi ndi inu mwakhala mukulawirira kukaima pamzere wa kuchipatala mwezi ndi mwezi, tsiku lonse la ntchito kutha, kuti munthu wovala zoyera awaone abambo mphindi ziwiri osadzutsa ngakhale mutu. Ndi inu munawatola pansi tsiku lija mapiritsi anawachititsa chizungulire ku bafa. Ine ndinali kuno, ndikusita nsalu za alendo, n'kumatumiza makapu. Ndikudziwa kuti kabukuko kanali koyamba kukulankhulani mwaulemu, kukuuzani kuti inunso mungathe, simuyenera kumangodikira pabenchi. Ndikudziwanso, ngakhale simukonda kuti tizikamba, kuti kalata ija yokuitanani ku sukulu ya zachipatala ikadali m'sutikesi mwanu, ndi kuti munaisiya chifukwa amayi anadwala ine ndisanamalize sukulu. Zimenezo sindidzaiwala mpaka kufa.

Koma achimwene, zimenezo musalipiritse phazi la abambo. Chizungulire chinkafuna kubwerera kwa dokotala kuti asinthe mapiritsi, osati kuwatsekera mu tipoti. Munkafuna kukhala dokotala, chabwino, dokotala weniweni amadziwa tsiku lonena kuti apa pandikulira. Inu mwaona chala chikuda tsiku ndi tsiku, mphuno muli nayo ngati ana anu, ndipo ine sindikukhulupirira kuti mumtima mwanu simukudziwa. Mukudziwa. Mukungoopa kuti aneba amene mwakhala mukuwawerengera kabukuko pakhonde adzati chiyani akakuonani mukukweza abambo galimoto. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa wofera kuunako si inu. Anebawo adzaseka masiku awiri, lachitatu adzapeza nkhani ina.

Abambo nawonso ndawakwiyira, muwauze. Ndinalankhula nawo pa foni ya alamu, ndinawachonderera kuti alole alamu awatengere kuchipatala inu muli kuntchito, ngakhale popanda kabuku ka kuchipatala kaja. Anaseka n'kunena kuti mwana wawo wamwamuna ndi wophunzira, iwo sangamuchititse manyazi pomuzembera. Anatinso mapiritsi aja ankawasowetsa mtendere, pano akudya uchi ngati bwana, ine ndisiye kudandaula ndipeze mwamuna. Mukuona? Iwo sakukhulupirira kabukuko, anangokasoka, sanakawerenge n'komwe. Akukhulupirira inu. Mukati tiyeni anyamuka, mukati khalani akhala mpaka fungolo lifike kumsewu. N'chifukwa chake kalatayi ikubwera kwa inu osati kwa iwo.

Kodi mukulikumbuka phazi limenelo? Ine ndikulikumbuka kuposa nkhope yawo, chifukwa ndinakulira pansi pa makina ndikutola tizidutswa ta nsalu. Lamanzere ankalipinda kumbuyo kwa mpando, lamanja lokha ndi limene linkaponda, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mpaka chitsulo chopondapo chinachita kusalala pamene pankakhala chala chachikulu. Sukulu zikamatsegulidwa mayunifolomu ankaunjikana mpaka pazenera, phazilo linkatupa, amayi n'kumaliviika m'beseni la madzi ofunda, m'mawa mwake lili pamakina. Ndi phazi limenelo linakuphunzitsani kuwerenga, achimwene. Ndiye lero kuwerenga kwanuko kulidule?

Pali china chimene sindinakuuzeni. Masabata awiri apitawo, ndisanadziwe zonsezi, ndinapita kumsika kukawagulira abambo nsapato, poti zakale zija zinatha kuchidendene. Ndili posankha panafika bambo wina wa ndodo ziwiri, mwendo wakumanja wa thalauza ataupinda n'kuumanga m'bondo. Anayamba kunyengerera wogulitsa kuti amugulitse nsapato imodzi yokha, yakumanzere. Wogulitsa anakana, akuti nanga inayo agulitsa kwa ndani. Bamboyo anatembenukira kwa ine akuseka, n'kundiuza kuti kunyumba ali ndi nsapato zakumanja zisanu, zatsopano, zosapondapo pansi, akungodikira apeze mnzake wa saizi yake amene anaduka wakumanzere kuti azigula mogawana. Tonse tinaseka, inenso ndinaseka kwambiri. Ndinamufunsa ngati inali ngozi ya galimoto. Anati ayi, shuga, ndipo zinayamba ndi kathuza kakang'ono kuchala. Sikankawawa, ndiye anadikira.

Nsapatozo ndinagula, zachikopa chofewa, zofiirira, saizi ya abambo. Zili pansi pa bedi langa m'bokosi lake. Kuyambira Lachinayi sindinalitsegule.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ndikuipereka kwa woyendetsa basi ya masana ano, ifika Lolemba m'mawa. Mukangomaliza kuwerenga musapite kuntchito, musatereke madzi a mandimu, musadikire kuti ine ndifike. Tsitsani tipoti pakabati, tulutsani kabuku ka kuchipatala m'jekete, pezani galimoto, muwatengere abambo kuchipatala chachikulu, osati chaching'ono chapafupi chija. Anamwino aja akuti musawapatse mapiritsi ambiri nthawi imodzi poti mubweze masiku otayika, mungopita nawo m'manja, ndipo mukawauze adokotala zoona zonse, masabata asanu ndi awiri, uchi, adyo, osasiyako. Akakukalipirani, pirirani. Akafunsa kuti nzeru zimenezi munazitenga kuti, mukanene kuti mlongo wanga anatumiza. Si bodza, ndipo theka la manyaziwo ndi langa, ndisenza.

Ine ndikanakwera basi yomweyi, koma chiphaso changa choyendera chili ku ofesi kokonzetsa, akuti chituluka Lachinayi. Ndapitako kawiri kukachonderera, andiuza kuti ndidikire ngati anzanga. Akapitawo ndawauza kale kuti Lachisanu ndikunyamuka, andipatse tchuthi kapena asandipatse. Ndifika Lamulungu, ndipo ndikufuna ndidzakupezeni kuchipatala, osati kunyumba. Ndikadzawapeza abambo atakhala panja phazi lili pakampango padzuwa, ndidzakupatsani moni chifukwa amayi anatilera bwino, koma udzakhala womaliza.

Za kuno zina zilipo. Mnzanga amene ndinkakhala naye chipinda anasamuka, ndatsala ndekha. Mpope wa m'bafa ukudontha mwezi wachiwiri tsopano ndipo eni nyumba sakubwera, mwina nawonso akudikira kuti udzichize wokha. Koma zimenezo tidzakamba pamaso.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndawathokoza, ndipo inunso tsiku lina mudzawathokoza. Moni kwa ana onse atatu, wamkuluyo alimbikire sukulu ndipo aziwerenga mpaka tsamba lomaliza. Azakhali muwauze zoona nokha, asamve kwa anthu apanjira. Inuyo ndakukwiyirani, koma ndinu achimwene anga, ndilibe ena, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Abambo muwauze kuti mwana wawo wamkazi mwamuna sanamupezebe, koma nsapato wapeza. Muwauze kuti ndagula ziwiri, yakumanzere ndi yakumanja, ndipo sindikudziwa munthu wa saizi yawo woti ndigawane naye. Ndikubwera nazo zonse ziwiri, achimwene. Zoti adzavala zingati zili m'manja mwanu Lolemba m'mawa.

Ndatha ine mlongo wanu,
wochapa matawulo uja.